Timau Tating'ono ta Chingerezi m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Kholo lililonse limene lidagwirapo pepala la mayeso a Chingerezi la mwana wake likudziŵa malo amene inki yofiira ya aphunzitsi imakonda kugwera. Sigwera kwenikweni pa mau ataliatali ovuta kutchula, pakuti mau otere mwana amaŵaloŵeza usiku pa nyali nkuŵalemba bwinobwino. Imagwera pa timau ta malembo aŵiri kapena atatu, monga "in", "on", "at", "to", "he" ndi "she". Agogo ake a mwanayo adalakwa pomwepo pa sileti, atate ake adalakwa pomwepo m'kope, ndipo lero mdzukulu akulakwanso pomwepo. Chinthu chimene chapunthwitsa mibadwo inai ya ana a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sichingakhale ulesi wa mwana mmodzi. Chili ndi mbiri yake, ndipo mbiri imeneyo ndiyo ndifuna tiyendemo mwezi uno.

Amishoni oyamba kukhazikika m'mapiri ano anali a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, amene makolo athu ankangoŵatcha Adatchi. Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adafika ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, m'mwezi wa November 1889, ndipo mu 1894 mbusa Robert Blake adatsekula mishoni ya Kongwe kwa Msakambeŵa. Kuchokera m'malo aŵiriŵa tisukulu taudzu tidafalikira m'midzi mpaka kukafika ku mapiri a Ntchisi. Cholinga cha Adatchi chinali chosabisika: munthu adziŵe kuŵerenga Mau a Mulungu m'chinenero cha mai wake, alime bwino, aphunzire ntchito zamanja, akhale pamudzi. Nchifukwa chake mphamvu zao zambiri zidapita ku Chinyanja. Pa phiri la Kaso ku Mvera mbusa William Murray ndi omthandiza ake adakhala zaka akumasulira Baibulo, ntchito imene idabala Buku Lopatulika mu 1922. Chingerezi ankachipereka moumira ngati ufa wa m'chaka cha njala, makamaka kwa anyamata oŵerengeka okonzekera uphunzitsi.

Akuluakulu a bungwe la Phelps-Stokes atayendera dziko lino mu 1924 adayamika maphunziro otereŵa. Koma mnyamata wa kwa Chiwere ankaona zina. Ankaona kuti kalaliki wa pa boma ndi womasulira milandu pamaso pa Mzungu kaŵirikaŵiri anali munthu wophunzira ku Livingstonia kapena ku Blantyre, kumene amishoni a ku Scotland ankaphunzitsa Chingerezi mosaumira. Iye, ngakhale ankaŵerenga Chinyanja mopanda chibwibwi, ankabwerera ku khasu kapena kukagwira msewu wa ku Salisbury ndi ku Joni.

Ife Akatolika tisadziyeretse pa nkhaniyi. Ansembe a chipani cha White Fathers adakhazikika ku Mua mu 1902, ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1903, kenaka ku Nambuma mu 1928, ndipo pambuyo pake kudabadwa maparishi ena monga Mpherere, Madisi ndi Mtengowanthenga. Ambiri mwa ansembe oyambawo chinenero cha kwao chinali Chifalansa kapena Chidatchi, ndipo Chingerezi nawonso ankachiyankhula mwachilendo. Misa inali m'Chilatini, katekisimu anali m'Chinyanja, ndipo sukulu ya kumudzi inali poyamba malo ophunzirira mapemphero ndi kuŵerenga. Motero kwa zaka zambiri mwana wa ku Dowa kapena ku Ntchisi, kaya wa kwa Adatchi kaya wa kwa Aroma, ankatha kukula osamvapo Mngerezi weniweni akuyankhula.

Zinthu zidayamba kutembenuka boma la atsamunda litakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo zidatembenukiratu sukulu za sekondale zitatsekulidwa, monga Zomba Catholic mu 1942 ndi Dedza mu 1951. Chingerezi chidasanduka chipata. Dziko litalandira ufulu chipatacho sichidachotsedwe. Msonkhano wa Malaŵi Congress Party wa mu 1968 udagamula kuti Chicheŵa ndi Chingerezi ndizo zikhale zinenero za boma, ndipo ana adayamba kuphunzira m'Chicheŵa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, nkutembenukira ku Chingerezi mu Sitandade 5. Mpaka lero wophunzira wa Fomu 4 amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza masamu ngati madzi. Apa ndiye pagona nkhani. Timau timene Mngerezi amatitchula osatiganizira tatsekereza ana ambiri anzeru panjira ya unamwino, uphunzitsi ngakhalenso ya ku seminale.

Nanga timauti tavuta chiyani? Tiyambe ndi aperekezi. Dzina limeneli akuluakulu a malamulo a Chicheŵa adalisankha bwino, pakuti mperekezi amayenda ndi dzina monga mwini mudzi ayendera ndi mlendo mpaka pamphambano. Aphunzitsi athu akale ankatiloŵezetsa kuti "pa" ndi "on", "mu" ndi "in", "ku" ndi "to". Tinkaimba zimenezi mokweza mpaka mbuzi kubwalo zinkatembenuka. Tsoka lake nlakuti lamulolo limagwira ntchito pa tebulo ndi m'bokosi basi. Ife timati tabwera pa basi, pa njinga, pa galimoto, koma Mngerezi amati "by bus". Tikakhala m'basi iye amati "on the bus", tikakhala m'galimoto amati "in the car". Ife timangoti usiku, m'maŵa, Lolemba, pamene iye amafuna "at night", "in the morning", "on Monday". Mwana akafunsa chifukwa chake, mphunzitsi woona mtima alibe yankho lina koma lakuti ndi mmene eni ake adazoloŵerera.

Chizoloŵezicho chili ndi chiyambi. Zaka 1,000 zapitazo Chingerezi chinkasintha mathero a maina monga chichitira Chilatini, kotero kuti mathero a dzina ankasonyeza ngati munthu ndiye wapatsa kapena wapatsidwa. M'zaka mazana otsatira kugonjetsedwa kwa England ndi Anormani mu 1066, matherowo adafota nkutha, ndipo katundu wao adagwera pa aperekezi ndi pa kandandalikidwe ka mau. Aperekeziwo adasenza katunduyo mosalongosoka, wina zambiri wina zochepa, monga zimachitikira pamaliro opanda wogaŵa ntchito.

Chicheŵa chidayenda njira yakeyake. Athu "pa", "ku" ndi "mu" ali ndi ulemerero woposa wa mperekezi wamba, chifukwa amasandutsa malo kukhala mwini nkhani. Timati paphiri pagwa nkhungu, kudambo kwamera bowa, m'nkhokwe mwaloŵa makoswe. Taonani mmene mneni akumverera malo, "pa" kuyankhidwa ndi "pa", "ku" ndi "kwa", "mu" ndi "mwa". Mwana wa zaka zinai wa ku Malomo salakwitsa zimenezi, pamene akatswiri a zinenero a ku America, Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva, adalemba nkhani yaitali mu 1989 pofuna kuzimvetsa, ndipo mphunzitsi wathu Sam Mchombo adazifotokozanso m'buku lake la mu 2004 lonena za kapangidwe ka ziganizo za Chicheŵa.

Komanso ntchito ina imene Mngerezi amapatsa mperekezi, ife timaibisa m'kati mwa mneni. Kuphika kumasanduka kuphikira, kulemba kumasanduka kulembera, kufa kumasanduka kufera. Tikamanena kuti Ambuye Yesu adatifera, m'liu limodzi lokhalo muli wochita, muli nthaŵi, muli ife ochitiridwa, mulinso chifukwa. Mngerezi afunika mau anai kuti anene zomwezo, "he died for us", ndipo kakang'ono kaja "for" kakasoŵa, chiphunzitso chonse cha chipulumutso chasokonekera. Ndimakumbukira zimenezi nthaŵi zonse pa Lachisanu Loyera. Mwana woleredwa ndi liu lonyamula zonse pamsana sangaganize msanga kuti mbali ina ya tanthauzo iyenera kuima payokha kunja kwa mneni. Akalemba "I am waiting my mother" wangotsata "ndikudikira amai". Akalemba "discuss about maize" wangotsata "kukambirana za chimanga", osadziŵa kuti "discuss" amakana "about" pamene "talk" amamufuna. Akalemba kuti mlongo wake ali "married with a teacher" wangomasulira "adakwatiwa ndi mphunzitsi", ndipo Mngerezi amafuna "to". M'kulakwa konseku muli nzeru, kungoti ndi nzeru za chinenero china.

Za aloŵam'malo ndizo zimandikhudza mtima koposa, chifukwa m'menemo muli mwambo. Chicheŵa chili ndi "iye" mmodzi wa mwamuna ndi mkazi yemwe. Chingerezi sichilola kuti utchule munthu osaulula ngati ndi "he" kapena "she", ndipo mwana wathu amayenera kuphunzira kufunsa funso limene chinenero chake sichidamufunsepo. Ngakhale anthu ophunzira kwambiri lilime limaŵaterereka pamenepa akatopa. Pamene mbusa T. Cullen Young ankatembenuzira m'Chingerezi buku la Samuel Josiah Nthara lotchedwa Nthondo, limene lidatuluka mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa, ndiponso mbiri ya Msyamboza wa ku Chibanzi imene idatuluka mu 1949, adayenera kumagamula pa "iye" aliyense chinthu chimene mlembiyo sadakakamizidwe kuchigamula.

Koma pali chinthu chimene Chicheŵa chimafunsa chimene Chingerezi sichifunsa: kodi munthuyu ndi wamkulu kapena wamng'ono? Ndili mphunzitsi wachinyamata pa sukulu ina m'mapiri omweŵa, mtsikana wina wa Sitandade 7 adalemba m'kalata yopepesa kuti "my father they are sick". Ndidadula "they are" ndi inki yofiira nkulemba "he is". Sabata yotsatira adalembanso chimodzimodzi. Nditamuitana nkumukalipira, adagwada naŵerama, nandiyankha motsitsa mau kuti, "Aphunzitsi, ndikudziŵa kuti ndi 'he', koma sindingaŵatchule bambo anga ngati ndikutchula kamwana." Ndidasoŵa chonena. Ine ndinkaona kulakwa kwa galamala, iye ankaona chipongwe. Pa sukulu imeneyo tinalinso ndi kathabwa kovala m'khosi ka mwana wogwidwa akuyankhula Chicheŵa, ndipo wotsala nako madzulo ankatchetcha udzu. Ine ndemwe ndidaveka ana kathabwako kangapo, ndipo sindinyadira.

Chodabwitsa nchakuti Chingerezi nacho kale chinali ndi "iwe" ndi "inu". Liu lakuti "thou" linali la munthu mmodzi, mnzako kapena wamng'ono, ndipo "you" linali la anthu ambiri kapena la munthu wolemekezeka. M'kupita kwa nthaŵi Angerezi adayamba kutchula aliyense ndi liu laulemulo mpaka "thou" adatha m'kamwa, natsalira m'mabuku akale monga Baibulo lachikatolika la Douay ndi la King James la mu 1611, ndiponso m'mapemphero. Ambiri amayesa kuti "thou" ndi liu lolemekezera Mulungu, chikhalirecho ndi liu la chibale. Akatolika a ku France, amene amasiyanitsabe "tu" ndi "vous", adayamba kutchula Mulungu ndi "tu" m'pemphero la Atate Athu mu 1966. Ife sitidayerekeze nkomwe kumutchula Mulungu kuti iwe, ndipo ndikhulupirira kuti tsiku limene wansembe angayese kutero paguwa, amai a m'kwaya adzangotseka mabuku. Ndiponso masiku ano Angerezi omwe amavomereza poyera "they" wonena za munthu mmodzi pamene sakudziŵa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, chizoloŵezi chimene chidalipo m'chinenero chao kuyambira kalekale. Apo ndiye kuti akusoŵa "iye" wathu uja.

Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Amishoni nawo adapunthwa pa aloŵam'malo athu. Kumene Mngerezi ali ndi "it" mmodzi wa chinthu chilichonse, ife tili ndi icho cha chingwe, ilo la khasu, iyo ya nyumba, iwo wa munda, iko ka kamwana, ndipo mneni ndi mfotokozi ayenera kugwirizana nazo zonsezo. Achikulire a m'maparishi athu amakumbukirabe maulaliki a ansembe atsopano amene ankasokoneza magulu a maina, anthu nkumaluma milomo kuti asaseke m'tchalitchi. Koma palibe adaŵaveka kathabwa. Adaŵalembera mabuku ofotokoza Chicheŵa kudzera m'chinenero chimene ankachidziŵa kale, monga buku la Bambo Salaun la mu 1969 lophunzitsira amishoni atsopano. Ngakhale buku la galamala ya Chicheŵa limene Mark Hanna Watkins adasindikiza ku America mu 1937, mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago, lidalembedwa m'Chingerezi kuti oŵerenga ayambire pa zimene akudziŵa. Mzungu wophunzira Chicheŵa ankaloledwa kuponda pa chinenero chake kuti akwere. Mwana wathu wophunzira Chingerezi ankalandidwa chopondera.

Pa mneni woyamba ndi "to", amene Angerezi amamutcha "infinitive", sindichedwapo, ngakhale kuti pamenepo zinenero ziŵirizi zidakumana modabwitsa. Ife timati kupita ku Dowa, "ku" wa mneni ndi "ku" wa malo. Iwo amati "to go to Dowa", ndipo "to" wa mneniyo adachokeradi kwa "to" wa malo. Mwana akaona kufanana kumeneku amakondwa, naganiza kuti paliponse pali "ku" aikepo "to". Koma kulima kwathu ndi kumodzi, kaya tikuti ndifuna kulima, kaya tikuti kulima nkwabwino, pamene Mngerezi adakugaŵa patatu: "want to dig", "must dig", "enjoy digging". Amati "make him go" wopanda "to", koma akatembenuza chiganizo amati "he was made to go". Amati "look forward to seeing you", chifukwa "to" ameneyo ndi mperekezi wovala malaya a mnzake. Makalata ofunsira ntchito osaŵerengeka ochokera ku Mponela ndi ku Ntchisi adathera ndi "to see you", ndipo sitidziŵa angati adaikidwa pambali chifukwa cha malembo atatu osoŵawo.

Ena mwa malamulo amene tidakwapulidwira sanali a Chingerezi chenicheni nkomwe. Lamulo lakuti chiganizo chisathere ndi mperekezi lidatchuka ndi mlembi John Dryden mu 1672, munthu woyesa Chingerezi ndi muyeso wa Chilatini. Lakuti pasaloŵe liu pakati pa "to" ndi mneni lidafalitsidwa ndi Henry Alford mu 1864. Akatswiri a Chingerezi a masiku ano saŵerengeranso malamulo aŵiriŵa, koma adayenda ulendo wautali m'mabuku mpaka kudzafika pa bolodi la ku Nambuma, kumene mphunzitsi adaŵalandira ngati malamulo khumi.

Eklezia adaphunzira phunziro lake pa nkhani ya zinenero. Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican udavomereza mu December 1963 kuti zinenero za anthu ziloŵe m'mapemphero a Misa, ndipo mu 1966 tidalandira Malembo Oyera, kenaka Buku Loyera mu 1998 limene tidagwirira pamodzi ndi abale athu a mipingo ina. Sukulu idayenda mozungulira. Mu 1996 boma lidalamula kuti ana a makalasi oyamba aziphunzira m'zinenero za kwao, koma lamulo la maphunziro la mu 2013 lidati Chingerezi ndicho chikhale chinenero chophunzitsira, ndipo mu 2014 adalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Ine sindili m'gulu la onena kuti Chingerezi chitayidwe. Mwana wa ku Mpherere achisoŵa kuti akaŵerenge za mankhwala, za malamulo ndi za malonda, ndipo kumumana ndiko kubwereza cholakwa cha amishoni oyamba. Chimene ndikana ndi chikhulupiriro chakuti Chingerezi chimaloŵa bwino m'mutu wosesedwa Chicheŵa. Zaka zoposa 130 za sukulu m'mapiri ano sizikuchitira umboni chikhulupiriro chimenecho.

Inu makolo amene simudapite patali ndi sukulu musadziyese opanda gawo. Mwana akamakonzekera mayeso, muuzeni akumasulireni nkhani ya pamudzi, ndipo pa munthu aliyense mumufunse kuti, "Ameneyu ndi mwamuna kapena mkazi? Ndi mmodzi kapena ambiri?" Funso lokhalo ndilo Chingerezi chimafuna, ndipo kulifunsa sikulira satifiketi.

Chaka chatha ndidaloŵa m'kalasi ya Sitandade 6 pa sukulu ina kuseri kwa phiri la Ntchisi, ana ali pansi mothithikana. Mai mphunzitsi adalemba pa bolodi liu lakuti "adandigulira", naitana ana anai kutsogolo. Woyamba adamupatsa "a", wachiŵiri "da" ndi "gula", wachitatu "ira", wachinai "ndi". Kenaka adaŵauza kuti aliyense apeze mnzake wa m'Chingerezi ndi kuima pamalo pake. Ana adakankhana, kalasi idachita phokoso, mpaka mzere udaima: "she", "bought", "for", "me". Kamnyamata kena kumbuyo kadakweza dzanja nkufunsa kuti, "Madamu, mwadziŵa bwanji kuti wogulayo ndi 'she'? Pa bolodipo sipadalembedwe." Mai uja adaseka, nafufuta liulo, nati kalasi yonse iyambe yagwirizana ngati wogula anali amai kapena amalume.